Zotsatira zafika, adokotala ali m'tulo

Ku America, kuyambira mu April 2021, lamulo la Cures Act limati zotsatira za magazi zikangotuluka mu labu zizifika kwa wodwala pa intaneti, nthawi zina adokotala asanaziwone n'komwe. Ku England nakonso, kuyambira pa 31 October 2023, madokotala a m'madera anauzidwa kuti odwala aziwona okha zolembedwa zawo zatsopano pa NHS App.

Ndiye tangoganizani. Ndi Lachisanu usiku, foni yalira. Bambo watsegula, wapeza nambala imodzi yofiira, pambali pake mawu otalika osatchulika. Ofesi ya adokotala itsegula Lolemba. Apa m'pamene amatulukira Google, sing'anga wosagona uja amene chifuwa chilichonse amachitcha khansa. Pofika Lamlungu, bambo wagawa kale masuti, wakhululukira ndi apongozi omwe. Lolemba adokotala akungoti, "Muzimwa madzi ambiri, bambo."

Ubwino wake ulipo ndithu. Wodwala shuga amatsata yekha manambala ake, ndipo za "pepala lanu lasowa" zimachepa.

Koma ife kuno tisadziderere, tinayamba kalekale. Kabuku ka kuchipatala timasunga tokha, m'jumbo, pansi pa matiresi. Zonse zili mommo. Chinsinsi chake chimatetezedwa ndi kalembedwe ka adokotala, komwe amawerenga ndi wopereka mankhwala yekha, nayenso atapendeketsa mutu.

Abale athu a ku Leeds ndi Manchester, chonde, manambala ofiirawo musamatiponyere pa gulu la banja la WhatsApp pakati pa usiku. Dikirani Lolemba.