Ulemu kwa a Mbozi, Alendo a M'munda wa Mpendadzuwa

Alimi a ku Mitande, tsitsani kaye mitima pansi. Mwawatukwana mokwanira a Mbozi. Lero tiyeni tiwaombere m'manja akuluakulu amenewa, amene anthu a sayansi anawapatsa dzina laulemu lakuti Helicoverpa armigera.

Choyamba, a Mbozi alibe tsankho. Ku Cuamba, kumene kampani ya SAN-JFS imagula thonje, iwo amayamba kulilawa wogula asanafike. Ku Ngauma akapeza fodya sanyansidwa naye. Chimanga, nandolo, tomato, zonse amalandira ndi manja awiri. Koma phwando lenileni ndi mutu wa mpendadzuwa: amayamba ndi maluwa, kenako n'kuboola njere zanthete zimene mlimi amayembekezera kuyengako mafuta. Ndani wina amene amayamikira thukuta lanu chotere?

Chachiwiri, ndi odziwa kuyenda. Inu mukafuna kuchoka ku Mandimba kukalowa m'Malawi pa Chiponde, mumaima pamzere chiphaso chili m'manja. Mayi wawo wa a Mbozi, gulugufe wotuwa uja, amangodutsa usiku osapereka moni kwa msilikali. Sitima ya pa njanji ya Cuamba ndi Lichinga saidikira. Mu 2013 alimi a ku Brazil anadzidzimuka kupeza banja lomweli litakhazikika m'minda yawo ya soya ndi thonje. Wa kwathu kuno anafikako ndani wopanda tikiti?

Pa nkhani ya kubereka, palibe wowaposa. Gulugufe mmodzi amaikira mazira mazanamazana, limodzilimodzi, pa masamba ndi pa maluwa. Pakapita masiku ochepa ana aswa, ndipo safuna phala kapena mlezi. Amadya kwa milungu iwiri kapena itatu, n'kutsikira m'dothi kukagona, n'kudzatulukamo ali ndi mapiko. Akapanikizana pa mutu umodzi, wamkulu amadya wamng'ono. Milandu ya malire amathana okha, osavutitsa a mfumu.

Kutchena nakonso amakutha. Ena obiriwira, ena ofiirira, ena akuda, onse ndi mzere woyererako m'nthiti. Mlimi waulesi amadutsa pambali osawaona.

Maphunziro ndiye musanene. M'mayiko ambiri anawapopera mankhwala amodzimodzi chaka ndi chaka mpaka anawazolowera. Ndipo mukapopera masana mpendadzuwa uli m'maluwa, oyamba kugwa ndi njuchi, zimene zimanyamula mungu kuti mutu udzaze njere. Nyerere ndi mavu, adani a Mbozi, nazonso zimathera pomwepo. A Mbozi, amene abisala mkati mwa mutu, amakuthokozani powachotsera apolisi.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Awa okha mwambiwu anaukana: akafika amamanga, n'kuitana ndi abale.

Choncho amene mukufuna kuti ulemerero wawo upitirire, musavutike kuyendera munda mpendadzuwa ukayamba maluwa. Musatembenuze mitu kufufuza mazira ndi tiana. Musatole mbozi ndi manja zikadali zazing'ono, musagaule mukakolola kuti ogona m'dothi awambidwe ndi dzuwa, ndipo alangizi akabwera muwauze kuti mwatanganidwa. Mukatero a Mbozi adzanenepa, inu mafuta ophikira muzikagula a m'botolo pa msika wa Mandimba.