Kalembera wa pakhomo panga

Loweruka lapitali mayi a kunyumba anachititsa kalembera. Sanadikire aboma, amene amawerenga anthu kamodzi pa zaka 10 ndipo komaliza anabwera mu 2018 n'kutipeza tili 17.5 miliyoni. Iwo anangothothola pepala pakati pa kope la masamu la mwana, kutenga pensulo, n'kundiuza kuti ndiziwatsata pambuyo.

Chinautsa mapiri pachigwa ndi mkute. Usiku ndinaona ndi maso angawa mitanda iwiri ya nsima ikuvundikiridwa m'mbale, ndipo ndinagona mtima uli m'malo. M'mawa mbale ili gwaa, yotsukidwa kale. Nditafunsa, mwana wanga wamkazi anayankha osandiyang'ana n'komwe: "Tapatsa Tiger, adadi. Ndi woyembekezera."

Ndinamwa tiyi wopanda chomwera. Cholakwa changa chinali kudandaula mokweza.

"Mukudandaulira ndani, bambo? Anabweretsa zonsezi ndani? Tiyeni tikawerenge."

Tinawerenga. Agalu 4. Amphaka 3. Akalulu 14, ndipo tinachita kubwereza katatu chifukwa sakhazikika. Nkhuku 9. Nkhunda 6. Bakha mmodzi. Zonse pamodzi 37. Anthu tilipo 5, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri ku Bangwe, pabwalo poti ukayenda mapazi 8 wagunda mpanda. Kukanakhala chisankho pakhomo pano, ife anthu sitikanapeza ngakhale mpando wa khansala.

Kumudzi mukafunsa kuti ziweto zingati n'zochulukitsa, akhoza kukuyang'anani ngati mutu sukuyenda. Ndani anadandaulapo kuti mbuzi zamuchulukira? Pakhomo pa agogo anga chilichonse cha miyendo inayi kapena cha mapiko chinali ndi ntchito. Galu ankapita kosaka, mphaka ankalondera nkhokwe, nkhuku inkadikira mlendo, mbuzi inkadikira fizi kapena mlandu kwa amfumu. Chiweto chongodya n'kumagona pamthunzi kunalibe. Udindo umenewo unali wa amalume. Ine ndabwera nawo mtima wakumudziwo m'tauni, koma nkhokwe, dambo ndi tchire ndinazisiya komweko.

Zanga zinayamba ndi nsapato. Chaka china akuba anatola nsapato zanga za kuntchito pakhonde, pamodzi ndi ndowa komanso chingwe choyanikapo zovala, zovalazo zili pomwepo. Ndinalumbira kuti ndigula galu woti mbala ikangomva kuuwa kwake izilapa machimo. Mnyamata wina wogulitsa tiagalu m'mbali mwa msewu ku Limbe ananditsimikizira kuti kamene ananyamulako n'kamtundu wa agalu a apolisi, kamphongo, ndipo bambo wake analumapo anthu atatu. Sindinakatembenuze kuti ndione. Munthu wamkulu, wovala tayi, n'kumasuzumira kunsi kwa galu pakati pa tauni? Ndinalipira, n'kukatcha Tiger.

Patatha chaka, Tiger anaswa ana 6 kuseri kwa bafa.

Bere la galu ndi la miyezi iwiri yokha, masiku 63 kapena kuposerapo pang'ono. Ine m'miyezi iwiri sindimaliza n'komwe kubweza ngongole ya kugolosale. Komabe sindinade nkhawa, chifukwa aneba onse anabwera kudzasungitsa. "Mundisungire mmodzi, achimwene." "Wakudayo ndi wanga, musapatse wina." Tsiku logawa litafika, aliyense anachita chimene ine ndinachita nacho manyazi ku Limbe: kunyamula kagalu, kukatembenuza, kusuzumira. Amphongo atatu anapita. Aakazi atatu anatsala, ndipo amene anawasungitsa anayamba kudzera njira ya kuseri akamapita kumsika.

Ana anatcha awiri Poppy ndi Queen. Wachitatu ndinati ndimutcha ndekha, mwa chikale, muja makolo ankatchulira galu dzina lokhala ndi uthenga wopita kwa anansi. Ndinamutcha Munalonjeza. Madzulo aliwonse ndimaima pakhonde n'kukuwa, "Munalonjeza! Munalonjeza!" Galuyo sabwera. Anebawonso sabwera.

Agalu 4 sungawadyetse makombo okha, choncho ndinayamba kugula madeya kuchigayo. Thumba la madeya linaitana makoswe. Makoswe anaitanitsa mphaka, amene tinakamutenga kwa apongozi ku Chiradzulu. Sabata yoyamba anagwira ntchito yotamandika, mpaka kumatisiyira michira pakhomo ngati malisiti. Kenako ana anayamba kumupatsa bonya ndi mkaka wotsala m'kapu. Mphaka anapuma pantchito pomwepo, penshoni yake n'kuyamba tsiku lomwelo. Masiku ano khoswe amadutsa pamphuno pake, iye n'kungotsegula diso limodzi ngati mlonda wa pageti amene akumudziwa bwino wodutsayo. Anaswanso ana. Awiri tikadali nawo, ndipo mmodzi ndi wakuda bii, moti mayi wa nyumba yoyandikana nafe akakumana naye m'mawa amabwerera m'nyumba kukayambiranso pemphero.

Akalulu okha ndiye ndivomere, anali nzeru zanga kuyambira kumutu mpaka kumchira. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anzanga kuntchito ankangoti malipiro okha sangakufikitse pa 15, mwamuna azikhala ndi kageni. Ndinakhala pansi ndi envulopu yakale n'kuyamba masamu. Kalulu bere lake ndi mwezi umodzi. Tiyerekeze ana 6. Anawo pakangotha miyezi ingapo nawonso ayamba. Ndinachulukitsa, ndinaphatikiza, envulopu inadzaza, ndinaitembenuza. Pofika pansi pa tsamba lachiwiri ndinali nditagula puloti, ndipo ndinkalingalira zoti denga likhale la malata amtundu wanji.

Akaluluwo mbali yawo anaikwaniritsa mokhulupirika. Chimene sindinachiike m'masamu ndi ana anga.

Pakhomo pano pali lamulo limene silinalembedwe paliponse, koma limagwira ntchito kuposa malamulo ambiri a m'mabuku: chimene chapatsidwa dzina sichidyedwa, sichigulitsidwa. Kalulu akangobadwa, maso asanatsegule n'komwe, ana amakhala atamubatiza kale. Pali Fanta, pali Sikono, pali Ronaldo amene anadzapezeka kuti ndi wamkazi (matenda osatembenuzawa ndi a m'banja), pali wina wotchedwa Aphunzitsi chifukwa amayang'ana munthu mokayikira. Wogula anabwera kamodzi, ndalama zili m'manja. Analoza Sikono. Mwana wanga wamng'ono anangomufunsa kuti, "Mukamutenga mukamutani?" Munthuyo anameza malovu, kutsanzika, osabweranso.

Lamuloli linandichititsa manyazi osasimbika tsiku limene apongozi aakazi anabwera kudzationa. Mlendo wotero amaphedwera nkhuku, ndipo nthutumba imapita m'mbale mwake kuti adziwe kuti nkhukuyo inafera iye. Ndinanola mpeni pamwala mwaulemu wonse, aliyense akumva. Ndinaloza tambala wathu wamkulu, amene ana amamutcha Abusa chifukwa amayamba ulaliki 4 koloko m'mawa ndipo sadziwa pomalizira. Mwana wamng'ono uja anathamanga, kumukumbatira tambalayo, n'kuyamba kulira kulira kwake kwa pamaliro. Amayi awiri a m'dera lathu anafika atamanga kale zitenje m'chiuno kudzafunsa kuti watisiya ndani.

Apongozi anangoti, "Bambo, musiyeni mwanayo. Masamba aliponso ndi ndiwo."

Mkamwini amene angadyetse apongozi masamba nkhuku 9 zikuyendayenda pabwalo, mbiri yake imakafika ku Chiradzulu iye asanatsuke m'manja. Ndinabweza mpeni, kukwera minibasi, kupita kumsika wa Limbe, kukagula nkhuku yachilendo yopanda dzina. Ndinaipha kuseri kwa nyumba mofulumira, ana asanaione nkhope. Abusa anaima pamwamba pa khola n'kumaonerera mwambo wonse.

Nkhunda ndinabweretsa ndi cholinga china, ndipo pano ndiulule. Akuluakulu amati nkhunda sizikhala pakhomo pa anthu okangana. Zikamva phokoso zimasamuka. Ndinaona kuti apa pali chitetezo. Ndikafika mochedwa Lachisanu, mayi akangoyamba kukweza mawu, ine ndinkaloza kudenga n'kunong'ona: "Mayi, tsitsani mawu, nkhunda zikumva." Zinagwira ntchito milungu itatu. Zinalipo 12 nthawi imeneyo. Tsiku limene anatulukira kuti ndalama ya magetsi ndinagulira waya wa khola la akalulu, nkhunda 6 zinanyamuka dzuwa likuswa mtengo n'kukatera padenga la aneba, pomwe zikukhala mpaka lero. Tsopano dera lonse silifunikanso kutchera khutu pampanda. Amangowerenga nkhunda padenga pathu n'kudziwa mmene banja likuyendera.

Za bakha musandifunse. Anabwera yekha nthawi ya dzinja, kuyang'ana uku ndi uku, n'kuona kuti pano m'pofewa. Amadya m'mbale ya agalu, agaluwo n'kumadikira kuti amalize.

Pali chinthu chimodzi chokha chimene sindichitira nthabwala, ndicho chiwewe. Matendawa akangoonekera mwa munthu, kuchipatala kulibe chimene angachite. Choncho a Mission Rabies, amene akhala akutemera agalu mu Blantyre kuyambira 2015, akalengeza kuti ali pasukulu ya pulaimale ya kufupi, katemera waulere, sindinyozera. Vuto ndi kayendedwe. Agalu 4, zingwe 4, aliyense ali ndi maganizo ake a kumene tikupita. Tiger akufuna kumsika, Queen akufuna kubwerera, Poppy wagona pakati pa msewu, Munalonjeza wazungulira miyendo yanga kawiri. Pamzere ponse panali ana okhaokha, aliyense ndi kagalu kake kamodzi, ndipo pakati pawo bambo mmodzi wadazi, thukuta kamukamu, atamangidwa miyendo ndi ziweto zake zomwe.

Mtsikana wolemba m'kaundula anandiyang'ana. "Onsewa ndi anu, bambo?"

"Ena ndi a aneba," ndinatero. Si bodza kwenikweni. Anasungitsa.

Galu akabayidwa amamupaka utoto pamutu kuti adziwike. Poppy anapukutira wake pathalauza langa. Pobwerera, anyamata a kabaza anandikuwiza kuti, "Madala, mwachita bwino kubayitsa, tsopano tizikupatsani moni wa pamanja!"

Alandilodi nawo anabwera mwezi watha, kuima pakati pa bwalo, kuyang'ana pansi pa nsapato yawo nthawi yaitali, n'kunena kuti akuganiza zoyamba kulipiritsa lendi pamutu uliwonse. Ndinaseka. Iwo sanaseke.

Mwina mukufunsa ngati akuba anasiya kubwera. Anabweranso mu Juni, usiku wozizira. Kunena zoona, masiku amenewo ndinali nditayamba kusiya khola la akalulu losakhoma, mwina wina wachifundo angandichepetsereko katundu. Wakubayo anadutsa khola lotsegula, kudutsa nkhuku, kudumpha agalu 4 amene anaunjikana pa thumba la madeya kuthawa chisanu, n'kutenga nsapato zanga pakhonde. Amene anachita phokoso ndi bakha yekha, koma palibe anadzuka chifukwa bakhayo amachita phokoso usiku uliwonse.

Titamaliza kalembera uja, mayi sanalankhule zambiri. Ananditengera kukhitchini n'kundionetsa miphika iwiri. Woyamba ndi umene amaphikira nsima ya anthu 5. Wachiwiri, umene timaphikira phala la madeya la agalu, ndi uja amabwereka amayi a mumpingo kukakhala ukwati. Anaiika pafupi, wina ndi mnzake, ngati mwana ndi kholo lake.

"Mwezi uno usanathe, 10 zichoke. Muyambe ndi zanu za masamu zija."

Lamulungu titaweruka kutchalitchi, ana ali kokatunga madzi, ndinaika akalulu awiri m'katoni, awiri okhawo amene ndinali ndisanamve mayina awo, n'kupita nawo ku Ndirande kwa mnzanga wa kuntchito amene anavomera kuwalandira. Kondakitala anafuna kuti katoniyo ilipire mpando. Ndinainyamula pamiyendo ulendo wonse, ikundinyowetsa.

Mnzangayo anandilandira bwino. Anati mphatso yotere siingabwezedwe ndi zikomo wapakamwa, ndipo mkazi wake, amene ndinaona kuti akumwetulira mopitirira muyezo, analowa kuseri n'kubwera ndi katoni yomweyo itamangidwa bwino ndi chingwe. Mbira zitatu. Anati sizidya zambiri, ndi udzu basi, ndipo ndowe zake ndi manyowa abwino a dimba. Dimba ndilibe. Koma kukana mphatso pakhomo pa eni ndi mwano, ndipo m'minibasi pobwerera ndinapezeka ndatulutsa envulopu.

Mayi anatsegula chitseko, kuyang'ana katoni, kuyang'ana ine. Katoniyo inalira yokha kuti kwii-kwii.

"Bisani msanga ana asana..."

Mochedwa. Wamng'ono anali atasolola kale yonenepa kwambiri, ya mimba yogwera pansi ndi kadazi pamutu, imene inkatafuna osapuma ngakhale inalibe kanthu m'kamwa. Anaikweza m'mwamba kuti azikulu ake aione.

"Iyi ndi Adadi!"

Onse anavomereza nthawi yomweyo, ngakhale mayi awo, amene anachita kutsamira chitseko chifukwa cha kuseka.

Dzulo ndinafika kunyumba mochedwerapo, njala itandigwira pakhosi. Ndili pageti ndinamva mayi akufunsa kuchokera kukhitchini kuti, "Kodi adadi adya?" Ana atatu onse anayankha pamodzi kuti, "Eee, adya kale, mpaka asiya!" Pomwe ndimalowa m'nyumba n'kuti mbale yanga ili panja, bakha ali mkati mwake, Tiger akudikira pambali.