Khotekhote Ngwa Njira, Nanga Chiwongolero Chakhoteranji?

Makolo athu anali anthu oyenda pansi, ndipo khalidwe la njira ankalidziwa. Njira ya kumudzi siwongoka. Imalambalala chulu, imazemba dambo, ikafika pafupi ndi manda imapatuka mwaulemu, kenaka imakhotera dala pakhomo pamene paphikidwa mowa. Ataona zonsezi, akuluakulu anagamula mlandu ndi mwambi umodzi: khotekhote ngwa njira, kwalinga mtima n'komweko. Mnyamata wokafunsira mbeta kutsidya kwa mtsinje akhoza kuzungulira phiri lonse, koma madzulo mukamupeza atanjuta pakhomo pa malume a mtsikanayo, chipewa chili m'manja.

Chigamulocho chinali chachilungamo. Kukhota anakupereka kwa njira, kuwongoka anakusiyira mtima. Mapazi sanawatchule n'komwe, poti masiku amenewo phazi linkapita kumene mwini wake walituma. Sanadziwe kuti kudzabwera mbadwo umene pakati pa mtima ndi njira padzakhala chiwongolero, zitsulo, manati, mabushi ndi matayala anayi, chilichonse ndi maganizo akeake.

Misewu yoyenera mwambiwu tikadali nayo. Wokwera Golodi kupita ku Livingstonia amawerenga makona 20, ndipo pofika pamwamba amakhala atalapa machimo onse. Pa Chiweta, pa Khwekhwerere ndi potsika phiri kulowera pa Thabwa, dalaivala wopotokola chiwongolero alibe mlandu, wamukhotetsa ndi msewu. Koma mukadutsa Thabwa, msewu n'kuwongoka kuti tasa kulunjika ku Nchalo, tasuzumirani m'manja mwa dalaivala yemweyo. Galimoto ikupita kutsogolo bwinobwino, koma chizindikiro cha Toyota chapakati pa chiwongolero chapendekeka, chikuyang'ana mayi amene akhala pampando wakutsogolo ndi dengu la tomato.

"Achimwene, chiwongolerochi bwanji?"

"Ndi mmene inabwerera ku Japan, bwana. Bola tikufika."

Apa ndiye mwambi wabedwa masanasana. Akuluakulu analola njira kukhota. Za chiwongolero sanasayinire.

Ku Japan nakonso akunamiziridwa. Galimoto zambiri zimene tikuyendera, ma Sienta, ma Probox, ma Vitz ndi ma Freed, zimatsika sitima ku Dar es Salaam zili ndi ulemu wawo wonse. Sukulu zimayambira paulendo wobwera kuno, zikamadzadutsa pa Songwe zimakhala zitamaliza pulayimale, ndipo dzinja limodzi la m'makwalala a m'tauni limazipatsa digiri. Aphunzitsi ake ndi odziwika: dzenje lobisala m'madzi amvula, hampu yosapakidwa penti imene mumaizindikira mutu utagunda kale kudenga, ndi mphepete mwa ngalande imene dalaivala amaipsompsona ndi tayala poimika galimoto. Dzenje silifunsa ngati mwalipira msewu pa chipata cha Chingeni kapena cha Kalinyeke. Limangolandira tayala ndi manja awiri. Mphunzitsi wina ndi makaniko wachangu, amene amasintha tayirodi endi n'kuibwezera mongoyerekeza ndi maso, kenaka n'kukuuzani kuti, "Yatheka madala, mukhoza kupita."

Nkhani yonse ili pansi, kumene mwini galimoto sasuzumirako poopa kudetsa thalauza. Mukapotokola chiwongolero, chimakankha chitsulo chamano chogona chopingasa pakati pa matayala akutsogolo, chimene amakaniko amachitcha raki. Kumapeto onse awiri a raki kuli ndodo yachitsulo, tayirodi, imene imagwira tayala la mbali yakeyo n'kuliuza kolowera. Ndodozi zili ndi mazinga, choncho zimatheka kuzitalikitsa kapena kuzifupikitsa. Imodzi ikapindika pang'ono chifukwa cha dzenje, kapena ikamangidwa motalika kuposa inzake, tayala limodzi limayamba kuyang'ana kwina. Galimoto ikamayenda, matayala awiriwo amagawana kulakwako pakati, ndipo amene amasenza manyazi ndi chiwongolero, chimene chimapendekeka kuti inu muyende mowongoka. Kunena zoona, chiwongolero chokhota chilibe mlandu. Ndi mboni chabe.

Amisiri a alayimenti amayeza zinthu zitatu. Choyamba ndi toe, kuona ngati matayala akuyang'anizana mkati kapena akufulatirana, mukawayang'ana muli pamwamba. Chachiwiri ndi camber, kuona ngati tayala laima chilili kapena latsamira mkati kapena kunja. Chachitatu ndi caster, kupendekeka kwa mzere umene tayala limatembenukirapo, kumene kumachititsa kuti chiwongolero chizibwerera chokha pakati mukamaliza kona. Mwa zitatuzi, mbava yaikulu ya matayala ndi toe. Aliyense amene anayendetsapo ngolo akudziwa zimene zimachitika ng'ombe ziwiri zikamangidwa goli limodzi, ina ikukokera kumanja ina kumanzere: ngolo imafika ndithu kumsika, koma ng'ombezo zimafika zitatheratu, makosi atanyuka.

Tiyeni tiwerengere, poti Mmalawi nkhani amaimvetsa ikafika m'thumba. Tayala la galimoto yaing'ono ndi lotalika pafupifupi masentimita 60 kuchoka pansi kufika pamwamba. Likapatuka ndi mamilimita atatu okha pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo kwake, mulingo umene diso la munthu silingauone, ndiye kuti pa mamita 200 alionse likukhwekhwerezedwa chammbali mita imodzi. Pa kilomita imodzi ndi mamita asanu. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Blantyre, ulendo wa makilomita pafupifupi 310, mwakhula labala wanu paphula mtunda wa kilomita imodzi ndi theka, mukuimba nyimbo za kwaya, osadziwa kanthu. Mafuta nawo akuthera komweko, chifukwa injini ndi imene ikulipira mkanganowo. Mtima wafikadi kumene unalinga, koma tayala latsala m'njira, pang'ono pa Dedza, pang'ono pa Zalewa.

Umboni wake subisika. Tayala limadyeka mbali imodzi, kunja likuoneka la dzulodzulo pamene mkati mawaya akusuzumira. Mukasisita chopingasa ndi chikhatho, mizere yake imasalala popita, pobwerera imakala. Mwini galimoto akaona izi amatukwana wogulitsa matayala, amatukwana dziko limene linawapanga, n'kukagula ena awiri a kaunjika, amenenso amadyeka chimodzimodzi pasanathe miyezi ingapo. Ena amafika pokayikira mnansi amene anayang'ana galimotoyo nthawi yaitali tsiku limene inabwera.

Tsono pali mankhwala achidule amene amakondedwa kwambiri pansi pa mitengo ya mango. Makaniko amayang'ana chiwongolero, amapukusa mutu, n'kunena kuti, "Zazing'ono izi bwana. Tingochizula, tichikhazike pakati." Mphindi khumi, chizindikiro cha Toyota chaima njo, bwana akumwetulira. Mboni yaphunzitsidwa zonena, wakuba akadali m'mudzi.

Kuzula chiwongolero kuli ndi malo ake, makamaka ngati wina anachichotsapo kale n'kuchibwezera molakwika. Kupatula apo, n'kuitana mavuto atsopano. Chiwongolero chimakhala pa mano, ndipo kulumpha dzino limodzi kawirikawiri kumapitirira pakati, chimene chinakhotera kumanzere n'kuyamba kukhotera kumanja. Raki imatsala isali pakati, choncho galimoto imakhota kwambiri mbali imodzi kuposa inzake, ndipo mudzazindikira tsiku lotembenuka pamsewu wopanikiza wa ku Ndirande anthu akukuonererani. Indiketa imayamba kuzima pamene yafunira. Kuseri kwa chiwongolero kulinso lamba wa mawaya wokulungidwa, clock spring, amene amapereka magetsi ku airbag ndi ku hutala. Akapotokoledwa mopyola amaduka, nyali ya airbag n'kuyaka, hutala n'kukhala chete. Dalaivala wa minibasi angapirire zambiri pamoyo, koma kuyenda wopanda hutala sangathe, okwera awaitana ndi chiyani? Galimoto zatsopanoko zilinso ndi kachipangizo kowerenga mmene chiwongolero chapotokolekera, kamene kamathandiza kompyuta kugwira mabuleki galimoto ikayamba kutsetsereka. Mukakanamiza kachipangizoka, kompyuta imaganiza kuti muli pakona pamene muli pamsewu wowongoka.

Mankhwala enieni ndi osasangalatsa kuonerera, n'chifukwa chake alibe otsatira ambiri. Mmisiri wodziwa ntchito amayamba ndi mpweya. Tayala limodzi lakutsogolo likachepa mpweya, galimoto imakokera mbali yomweyo, ndipo mulingo woyenera walembedwa pakapepala kamene kamamatidwa pafelemu ya chitseko, kamene ambiri timakaona koyamba tsiku logulitsa galimoto. Kenaka amaikweza pa jeke n'kugwedeza tayala lililonse. Ngati tayirodi endi, bolojointi kapena mabushi zatha, kupanga alayimenti n'kutaya ndalama, chifukwa zimene mwayeza lero zisuntha pa hampu yoyamba. Zikakhala bwino, amaika chiwongolero pakati penipeni n'kuchitsekera kuti chisasunthe. Akatero amalowa pansi, amamasula manati, amafupikitsa tayirodi imodzi ndi kutalikitsa inayo, mpaka tayala lililonse litayang'ana kumene opanga galimotoyo analamula. Chiwongolero sachikhudzanso. Chimawongoka chifukwa apansi agwirizana.

Amayezanso matayala akumbuyo, chifukwa nawo akapatuka amakankhira galimoto chammbali, dalaivala n'kumabwezera ndi chiwongolero osadziwa. Pa galimoto zing'onozing'ono zambiri, chimene chimasinthika ndi toe yakutsogolo yokha. Camber ikapezeka kuti yalakwika kwambiri, ndiye kuti pali chitsulo chopindika, ndipo sipanala singachinyengerere.

Musanyoze mmisiri wa chingwe. Kukunga chingwe m'mbali mwa galimoto n'kuyeza ndi tepi ndi njira yakale imene ngakhale amakaniko a galimoto za mpikisano amagwiritsa ntchito, bola pansi pakhale posalala ndipo woyezayo akhale wodekha. Makina a kompyuta amaposa chingwe poona zonse zitatu nthawi imodzi ndi kukupatsani pepala la manambala, koma nawo amamvera amene akuwagwira. Funsani pepalalo, muone manambala a poyamba ndi a pomaliza. Ndipo musapite kokayezetsa muli ndi matumba asanu a chimanga kumbuyo, pokhapokha ngati mwapangana nawo kuti sadzatsikanso.

Musasokonezenso matenda. Chiwongolero chikamanjenjemera liwiro likafika cha m'ma 80 kapena 100, nthawi zambiri vuto ndi balansi ya matayala, imene amakonza pomata tizitsulo ting'onoting'ono pa limu. Galimoto ikamatsetserekera pang'onopang'ono kumanzere mukasiya chiwongolero, nthawi zina ndi msewu chabe: umamangidwa wokwera pakati kuti madzi amvula azitsikira m'mbali, ndipo ife timayenda kumanzere. Apo pokha makolo akhoza kuwina apilo, mlandu ndi wa njira. Koma ikamakoka mwamphamvu, sinthanitsani matayala awiri akutsogolo. Kukokako kukasamukira mbali ina, wolakwa ndi tayala. Kukapanda kusamuka, pitani kwa amisiri, muwauze ayang'anenso buleki yogwira.

Chimene chimandiseketsa n'chakuti luso lozula chiwongolero silinathere kugalaja. Timu ya mpira ikagonja masewero atatu otsatizana, timachotsa kochi, osewera akadali osalipidwa. Golosale ikayamba kugwa, mwini wake amaitana wolemba zikwangwani, dzina latsopano n'kuwala pakhoma, kope la ngongole za achibale likunenepabe pansi pa kauntala. Komiti ya chitukuko ikadya ndalama za mjigo, timasankha tcheyamani watsopano, msungichuma ndi yemwe uja. Tonse timakonda kukonza chimene chili pamaso, chifukwa chapansi chimafuna kugwada, ndipo kugwada kumadetsa mawondo. Tikafunsidwa timayankha ngati dalaivala wa ku Nchalo, kuti bola tikufika.

Choopsa kwambiri n'chakuti thupi limazolowera. Munthu amene wayendetsa galimoto yokoka kwa zaka ziwiri, dzanja lake laphunzira kubwezera lokha, phewa limodzi lakwera, ndipo iye amakhulupirira ndi mtima wonse kuti umu ndi mmene galimoto zimayendera. Tsiku limene mayi akunyumba atopa ndi kugula matayala n'kumuumiriza kukapangitsa alayimenti, amatuluka pageti la galaja mokondwa, dzanja n'kuchita zimene linazolowera, galimoto n'kulunjika kwa wakabaza wosalakwa. Sipatha ola, wabwerera, maso ali psu.

"Amisiri, mwaitani galimoto yanga? Ikukokera kumanja!"

Mmisiri amailowa, amaiyendetsa mpaka pa raundabauti n'kubwerako atagwira chiwongolero ndi zala ziwiri. Amatsika, amapukuta manja pa ovolosi, n'kumuyang'ana mwini galimoto kuyambira kuphewa mpaka kudzanja.

"Galimotoyi ili bwinobwino, madala. Kwatsala inuyo. Koma makina a zimenezo sitinagule."