Mphini Yobwereza pa Nkhope ya Azakhali

Akuluakulu anati mphini yobwereza ndiyo imawala. Agogo anga ankaukonda mwambi umenewu, makamaka akamandiuza kachisanu kuti ndikatsekere nkhuku. Ankadziwa chimene akunena. Pamasaya pawo panali mphini zitatu uku, zitatu uku, zotemedwa ndi lumo n'kutikitapo makala adakali namwali. Yotema kamodzi imazimirira bala likapola, koma yobwereza umaiona munthu akadali kutsidya kwa msewu.

Ndinakula ndikuukhulupirira mwambiwu, mpaka tsiku limene azakhali anandipatsa ntchito.

Pa chinkhoswe cha mwana wawo panajambulidwa zithunzi zambirimbiri, koma chimene iwo anaonekamo akumwetulira chinali chimodzi chokha. Tsoka lake, wojambulayo anajambula akuvina. Kenako chithunzicho chinayenda ulendo wa pa WhatsApp: kuchoka kwa wojambula kupita ku gulu la akuchikazi, kuchoka uko kupita ku gulu la kwaya, kenako kwa amayi a banki m'khonde. Pofika kwa ine, nkhope ya azakhali inali ngati phiri la Mulanje tsiku la chiperoni. Ukudziwa kuti lilipo, koma ukungoona nkhungu.

"Iwe paja umadziwa za makompyuta," anatero. "Undiwalitsire chimenechi, ndikachipachike pabalaza."

"Musadandaule azakhali, kantchito kochepa aka."

Ndinatsegula Photoshop n'kupita pa chida chonolera zithunzi chotchedwa Unsharp Mask. Dzina lakelo likunena za kubuntha pomwe ntchito yake ndi kunola, ngati galu wolusa womutcha Mtendere. Chifukwa chake n'chakuti kompyuta imayamba yapanga chithunzi chachiwiri chachimbuuzi, n'kuchiyerekeza ndi choyambacho. Pamene ziwirizi zasiyana kwambiri ndi m'malire, pamene kuwala kwakumana ndi mdima. Pamenepo mbali yowala imaiwalitsirako, yakuda imaidetserako, diso n'kunamizika kuti chithunzi chaoneka bwino. Luso limeneli si ladzulo. Ojambula ankalichita ndi mafilimu m'zipinda zamdima kalekale Photoshop isanatuluke mu 1990.

Nditamvetsa zimenezi ndinaseka ndekha. Imeneyi si mphini basi? Kutema m'malire n'kutikitapo makala!

Chidachi chili ndi mabatani atatu. Amount ndi kuzama kwa lumo, ndipo imafika mpaka 500. Radius ndi kukula kwa mphiniyo, kuwerengera m'mapikiselo. Threshold, yoyambira pa 0 kulekeza 255, ndiyo imauza lumo poyenera kutema ndi poyenera kulambalala. Mukaisiya pa 0, imatema chilichonse chimene yakumana nacho, ngati sing'anga wophunzira kumene.

Ndinaika Amount pa 100. Nkhungu inachepako pang'ono. Apo ndipo mawu a agogo anandilira m'khutu. Ndinabwereza. Ndinabwerezanso. Kachinayi ndinakankha batanilo mpaka linagunda khoma, Radius n'kuikwezanso kuti ntchito ioneke kuti yagwiridwa ndi munthu wopita kusukulu.

Mphini inawaladi. Timakwinya tapamphumi tinasanduka mizere ya m'munda wa fodya. Thukuta linakhala ngati mikanda. Kuzungulira duku kunabadwa mkombero woyera, wonga uja wa anthu oyera mtima pa zithunzi za m'tchalitchi. Timabokosi ta JPEG, tija ta mapikiselo 8 mulitali 8 mulifupi timene timachuluka chithunzi chikafinyidwa kangapo, tinatulukira pamasaya ngati njerwa zosapaka pulasitala. Kumbuyo kwawo, amalume amene poyamba anali chithunzithunzi chabe anaonekera poyera ali ndi mwendo wa nkhuku kukamwa, chikhalirecho anauza banja lonse kuti tsikulo sanadye kanthu.

Koma maso a azakhali, amene ndinkawafunawo, anakhalabe m'nkhungu. Chimene kamera sinagwire, kompyuta ilibe pochitenga. Mpeni umanoleka chifukwa chitsulo chilipo. Nthochi, ngakhale muikhuze pamwala tsiku lonse, siidzadula nyama.

Ndinawaonetsabe. Anavala magalasi, n'kuyang'anitsitsa.

"Mayi okalambawa ndi akuchimuna?"

"Ndinuyo, azakhali."

Anavula magalasi aja mwakachetechete. "Mwana wa achimwene anga, ndinakutuma kuti undiwalitse. Sindinati undionetse mmene ndidzakhalire ndikadzafika zaka 90."

Usiku umenewo ndinaganizira za agogo. Wotema mphini uja ankabwereza, inde, koma sankatema nkhope yonse. Ankasankha malo, ankadziwa polekezera, ndipo ankayamba waona kuti khungu lili bwino. Ife tinangotola mawu oti kubwereza, nzeru ya wogwira lumo tinaisiya kumudzi.

Odziwa ntchitoyi amanola komalizira, atamaliza kukonza kuwala, mitundu ndi kukula kwa chithunzi. Amachiyang'ana pa 100 peresenti kuti aone zimene lumo likuchita. Radius amaisiya cha pa 1, Threshold n'kuikwezako kuti khungu lisatemedwe. Amanola maso, nsidze, tsitsi ndi maluwa a pachitenje, masaya n'kuwasiya mwamtendere. Akangoona kamkombero koyera kayamba kumera m'mphepete, amadziwa kuti apyola muyezo, amabwerera. Ndi mmenemonso mu GIMP.

Tinapempha wojambula uja kuti atumize chithunzi chenichenicho ngati Document, njira imene WhatsApp siifinya. Chinabwera chopanda njerwa, koma kuvina kuja kunali momwemo. Mapeto ake azakhali anavalanso chitenje cha chinkhoswe chija ndi duku lake, n'kukhala pampando pansi pa mtengo wa mango dzuwa litapendeka. Ndinapukuta galasi la foni ndi malaya, ndinagwira ndi manja awiri, ndinaletsa mwana aliyense kuimba nyimbo. Chimenecho ndinachinola kamodzi kokha, pang'ono, ndipo n'chimene chili pabalaza lero.

Chonolanola chija sindinachifufute. Amalume akadzayambanso nkhani yoti pa chinkhoswe anagona ndi njala, umboni ulipo.

Inu amene mwapatsidwa foni pa ukwati kapena pa chinkhoswe, yambani mwajambula, kuvina pambuyo.