Thukuta Logula ku Manchester

Malume anga atha zaka 15 ali ku Manchester, ndipo langizo lawo loyamba nditangotsika ndege linali ili: "Mphwanga, kuno munthu akakufunsa kuti uli bwanji, usamuuze." Sindinamvere. Mawa lake mayi woyandikana nafe nyumba anandiponyera moni ali paliwiro, ine n'kuima bwinobwino, n'kuyamba kufotokoza za chimfine, za msana, za mvula imene yachedwa ku Thyolo. Pamene ndinkafika pa mtengo wa feteleza, mayiyo anali atakhota kale. Amene anacheuka ndi galu wake yekha.

Koma moni sanandivute kwambiri ngati mimba. Mu Disembala dzuwa la ku Manchester limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo mimba ya Mmalawi sidziwa wotchi, imadziwa mdima. Kukangoda, ine mpoto pamoto. Pofika 8 koloko malume akuweruka, sindingawasiye adye okha ngati mfiti, ndiye ndinkasambanso m'manja. Nsima kawiri usiku umodzi, miyezi itatu yathunthu.

Musandiweruze msanga. Nkhomaliro ya kuntchito kuno ndi buledi wozizira wodulidwa ngati samusa, wotsekeredwa m'kabokosi, ndipo amadya maso ali pa kompyuta, osaitana mnzawo ngakhale mwaulemu chabe. Tsiku lina mnzanga wa kuntchito anandiitanira "tiyi" kunyumba kwake. Podziwa kuti tiyi ndi madzi, ndinayamba ndatsitsa mitanda inayi. Kukafika, ndinapeza mbatata yakachewere, nyama ya nkhosa ndi nsawawa zobiriwira zili mbwee patebulo. Kumpoto kwa England, tiyi ndiye mgonero. Ndinadya, pakuti kwa eni kulibe mkuwe.

Ufa timakagula ku Longsight, m'masitolo momwe fungo la nsomba zouma limakulandira pakhomo. Ndi wa ku South Africa, Iwisa, woyera ngati laimu. Nsima yake imagwirana ndithu, koma ilibe kafungo kaja ka mphale yoviikidwa. Mthiko malume anabwera nawo wa mumsika wa Limbe, ndipo amausamala kuposa pasipoti. Usipa umafika m'sutikesi ya aliyense amene wapita kumaliro kumudzi, wokulungidwa m'majumbo asanu ndi chitenje pamwamba. Tsiku limene tinaukazinga, kabelu kochenjeza za moto kanalira nyumba yonse, malume ali pampando akukakupiza ndi thawulo. Anansi sanabwere kudzakalipa. Kuno sakalipa, amalemba. M'mawa tinapeza kakalata pansi pa chitseko, koyamba ndi kupepesa, kotha ndi kuthokoza, pakati pake n'kutiuza kuti tikununkhitsa makatani awo.

Mu Malichi ndinajambulitsa chithunzi n'kutumiza kumudzi pa WhatsApp. Mayankho anali a chimwemwe okhaokha. "Mwanenepatu achimwene! Kukuyanjani kumeneko!" Sabata yomweyo namwino wa kuchipatala anandikweza pasikelo, anandiyeza msinkhu, n'kugwedeza mutu ngati wamva uthenga wa zovuta. Akuti BMI yanga, muyezo wa kunenepa, yadutsa 30. Mimba yomweyo imene kwathu ikanandipatsa mpando wakutsogolo pa chinkhoswe, kuno inali ndi dzina la matenda.

Mankhwala ake ndi amene anandimaliza. Choyamba, ndizidya ufa wosakonola, wokhala ndi gaga yemwe. Ndinamuyang'ana mayiyo. Mgaiwa! Umene tinkaudya ku sekondale ndi nyemba zofumbwa, umene mlendo akabwera timaubisa kuseri kwa dengu, kuno uli pashelefu ya anthu ozindikira, mtengo wake wokwera. Chachiwiri, mapiritsi a vitamini D, mamaikulogalamu 10 tsiku lililonse, chifukwa khungu lakuda silitola zokwanira pa kadzuwa ka kuno. Ine amene ndinakulira kuthawira pansi pa mtengo wa mango, lero ndikugula dzuwa la m'botolo.

Chachitatu chinali jimu. Mapaundi 25 pamwezi. Ndinalowa m'chipinda cha magalasi okhaokha, anthu ali ndandanda pa makina, akuyenda ndi mtima wonse koma osasuntha, nkhope zili gwa, m'makutu atatsekamo. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinkayenda wapansi kuchoka ku Ndirande kupita ku Ginnery Corner ndi kubwerera, ndikupemphera kuti wondidziwa asandione. Uko kunkatchedwa kusowa ya minibasi. Kuno ulendo womwewo uli ndi nsapato zake, kabudula wake ndi botolo lake la madzi. Chipinda china muli njinga zopanda kopita, mtsikana ali kutsogolo akukuwa kuti tipalase mwamphamvu chifukwa tikukwera phiri. Phiri lake liti? Ndinaganiza za anyamata a kabaza ku Dedza, amene amakwezadi chitunda atanyamula mayi, mwana ndi thumba la chimanga, iwo n'kulandira ndalama pamapeto pake.

Malume za jimu anakana. Iwo anagula wotchi yowerenga mapazi, ndipo yawasandutsa kapolo. Ikafika 11 koloko usiku mapazi 10,000 asanakwane, mumawapeza akuzungulira tebulo atavala zogonera, ngati nkhuku yofuna poikira. Loweruka m'mawa amandikokera ku Platt Fields Park ku parkrun, kukathamanga makilomita asanu, 9 koloko yeniyeni, osati 9 koloko ya ukwati. Chokhacho ndiye chaulere. Ulendo woyamba anandipitirira agogo a imvi mutu wonse, kenaka bambo wokankha mwana m'kangolo. Agogowo anandidikirira pothera n'kundiombera m'manja, zimene zinandipweteka kuposa mawondo.

Pofika Julayi lamba anali atabwerera mabowo awiri. Ndinaimbira amayi pa vidiyo kuti aone zotsatira. Anayandikitsa foni kumaso, n'kukhala chete nthawi yaitali.

"Mwanawe, ukudwala? Malume ako akukumana chakudya?"

"Ayi amayi, ndimapita ku jimu. Ndimayenda pa makina."

"Kupita kuti?"

"Osapita kulikonse. Timangoyenda pamalo amodzi."

"Ndiye amakupatsani zingati?"

"Timalipira ndife, amayi. Mapaundi 25."

Ndinamva akufunsa mlongo wanga kuti imeneyo ndi ndalama zingati m'makwacha. Atauzidwa, anakonza duku lawo bwinobwino.

"Uzitumiza kuno ndalamazo. Ukadzabwera pa Khirisimasi udzapeza matumba atatu akudikira kupita kuchigayo, ndipo wilibala inathyoka."