Mtengo Wouma Ulibe Mwini

Mwera utangoyamba mwezi wa June, bambo wina wokhala pa lendi ku Mtakataka, chakumunsi kwa msewu wa M5, anasiya kugona tulo. Pamalire a nyumba yake ndi ya aneba panali mtengo wa mango umene unauma kalekale, chiswe chitaudya m'kati, ndipo unali utapendekera denga la chipinda chogona ana. Mphepo ikaomba usiku, unkalira kuti kweee, banja lonse n'kudzuka.

Mtengowu uli moyo unali ndi eni ake ambiri. Aneba ankati anadzala ndi agogo awo. Alandilodi ankati ayi, anadzala ndi malume awo nthawi ya Kamuzu, pa tsiku lodzala mitengo la mu January. Ana asukulu sankalowerera mkanganowo, ankangogenda.

Utauma, agogo ndi malume onse anaiwalika. "Achimwene, mtengo umenewu ndi wa kwanu," anatero aneba. "Simukuona kumene wapendekera?" Alandilodi, amene amakhala ku Lilongwe ndipo foni yawo imagwira bwino kumapeto kwa mwezi kokha, anangoti halo, halo, netiweki, n'kuzimitsa. Mkulu wina wa pafupi anabwera ndi uphungu wa zamalamulo: popanda chikalata cha a zankhalango, wodula mtengo amanjatidwa. Lamulolo lilikodi, la 1997, ndipo analikhwimitsa mu 2020 pofuna kuthana ndi anthu amene akumaliza nkhalango ngati ya Mua-Livulezi ndi makala. Koma mkulu wodziwa malamuloyu ndi yemwe uja amaimika matumba a makala m'mbali mwa msewu wa ku Golomoti, ndipo chikalata chake palibe anachionapo.

Bambo uja anangolimba mtima n'kuitana wa tchenisowo.

Anafika masana pa njinga yamoto, makina ali paphewa, opanda dontho la petulo. Asanauyang'ane n'komwe mtengowo, anayamba wafotokoza kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo tcheni cha makinawo chimamva dola basi. Kenako ndandanda: petulo ndi wa abwana, oyilo ndi wa abwana, nsima ya abwana, ndiwo zisakhale zamasamba chifukwa ntchito yake ndi yolemetsa. Chingwe analibe. Anamasula cha mbuzi, n'kuchilumikiza ndi choyanikira zovala cha amayi a m'nyumba.

Kudula mtengo wouma pafupi ndi nyumba si masewera. Odziwa amayambira pamwamba, kusadza nthambi imodzi imodzi ndi kuitsitsa pa chingwe. Kenako amasema kamwa mbali imene akufuna kuti thunthu ligwere, n'kudzadula kumbuyo, pamwamba pang'ono pa kamwalo. Koma mtengo wa mphako sumvera kamwa, umagwera kumene wafuna. Mnyamata wa makinayo zimenezi ankazidziwa. Vuto linali akatswiri.

Makina atangolira, bawo yonse ya pamsika inasamukira pakhomopo. Anthu amene nkhwangwa anaigwira komaliza njanji ya ku Salima idakali yatsopano anaima manja kumbuyo, milomo patsogolo. Wina amene anakhalako ku Joni anati kumeneko mtengo wotere amachita kuunyamula ndi chigalimoto cha mkono, ndipo izi zikuchitika apazi ndi uchitsiru. Wina anati adikire kaye, ali ndi mlamu wake amene anagwirako ganyu pomanga malo a magetsi a dzuwa ku Golomoti, aja a mamegawati 20 anayamba kugwira ntchito mu 2022, choncho za mainjiniya amazidziwa. Agogo ena anati mumphakomo mumagona kadzidzi, ndiye afunse kaye kuti kadzidziyo ndi wa ndani. "Kokerani kuno!" "Ayi, uko!" "Iwe mwana, choka apo!" Onse amakuwa, koma pa chingwe panali anthu atatu okha: mwini tsoka, mkazi wake, ndi mwana wa Sitandade 6. Katswiri wa ku Joni uja anapempha mpando ndi madzi akumwa, n'kudandaula kuti ndi otentha.

Mtengo unagwa. Denga linapulumuka. Unaphwanya bafa ndi mpanda.

Fumbi lisanakhazikike, eni ake anauka. Amayi a nyumba zisanu anatulukira ndi zikwanje ndi nkhata zopota kale. Wootcha njerwa anaimika ngolo pageti, akuti anagwirizana ndi malemu agogo aja. Panabweranso wosema ziboliboli wodzitcha kuti anaphunzira ku Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher anakhazikitsa ku Mua mu 1976. Anagogoda thunthulo, n'kupeza kuti ndi mphako yokhayokha, ndipo anapempha ya thiransipoti yobwererera poti amutayitsa nthawi. Aneba anakumbukira mwadzidzidzi tsiku limene agogo awo anakwirira njere ya mangoyo. Ndipo foni ya ku Lilongwe inagwira, pakati pa mwezi penipeni, mawu omveka bwino: "Nkhuni zangazo musagawe. Za bafa tidzachotsera pa dipoziti."

N'chifukwa chake milambe ya pakati pa Golomoti ndi Mua ikadali chiimire, palibe woikanganira. Thunthu la mlambe ndi lofewa, lamadzi, silipereka thabwa kapena khala, ndipo ukafa umangofumbutuka n'kukhala mulu wa luzi. Ukanakhala kuti umayaka bwino, bwenzi uliwonse uli ndi mdzukulu wa amene anaudzala.

Pofika madzulo pakhomo panatsala utuchi, chitsa chimene palibe anachifuna, ndi ngongole ya petulo. Banjalo tsopano limasamba usiku, mwana atagwira chitenje. Nkhuni zophikira amagula kwa akazi a aneba, timitolo ting'onoting'ono, ndipo ndi za mango.

Sabata yatha aneba anagogoda m'mawa, nkhope ili gwaa. Akuti chidulireni mtengo uja dzuwa likuwotcha khonde lawo, alendo a bawo asiya kubwera, ndipo munthu wanzeru akanafunsa kaye asanawononge chuma cha agogo. Koma poti ndi anthu okhululuka, nkhaniyi saipititsa kwa anyakwawa. Angodzala wina mvula ikagwa, pomwepo pamalire, ndipo akhale wa maboloma.