Safunsa Anasita Phula

Ndiyambe ndi kuvomera mlandu wa bulauzi, chifukwa nkhani yake yafika kale kumudzi ku Mulanje, ndipo yafika yopotoka. Inde, ndine ndinawononga bulauzi yoyera ya Mvano ya mayi a kunyumba. Koma sindinaledzere monga akufalitsira alamu anga pa WhatsApp. Ndinali bwinobwino, mutu uli m'malo, ndipo manyazi ake agona pamenepo.

Takhala ku Edinburgh zaka zisanu ndi chimodzi. Kummwera kwa mzindawu, pamalo otchedwa Hillend, anayala zinthu zonga maburashi apulasitiki pachitunda kuti anthu aziphunzira kutsetsereka ngakhale kulibe sinowo. Mnyamata wathu wa zaka 14 anapitako ndi anzake akusukulu, n'kubwera akunena kuti masewera amenewo si a anthu amimba ngati yanga. Zinandiwawa. Ine wobadwira m'tsinde mwa phiri limene nsonga yake, Sapitwa, ndi mamita 3,002, andinyoze chifukwa cha zitunda za ku Scotland? Cairn Gorm amene amamutamayo ndi mamita 1,245 basi. Ndinakalipira phunziro la ola limodzi. Matako anagunda pansi kosawerengeka, ndipo ndinatulukako nditapeza chifukwa chake: snowboard yobwereka. Ndikagula yangayanga, zonse zilongosoka.

Munthu wokulira pa kaunjika wa ku Limbe amadziwa lamulo limodzi, loti ngati mtengo uli umodzi, tenga chachikulu. Pa intaneti ndinapeza bambo wina akugulitsa ziwiri, iliyonse mapaundi 60. Ina inalembedwa 152, ina 166W. Ine kutalika kwanga ndi masentimita 164. Ndinatenga ya 166W, ndikuseka mumtima kuti ndamudya mzungu masentimita 14 aulere. Chilembo cha W ndinkayesa chikuimira winter, ndipo ndinaona kuti ndi bwino kukhala ndi thabwa lopangidwira nyengo yozizira.

Bamboyo anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa ngati ndikugulira munthu wina. Ndinayankha kuti ndikudziwa chimene ndikuchita. Ndinadzamva mochedwa kuti thabwa ukaliimika liyenera kukulekeza pakati pa chibwano ndi mphuno, ndipo chofunika kwambiri ndi kulemera kwa thupi lako, chifukwa ndiwe uyenera kulipinda ukamakhota. W ija imatanthauza wide: thabwa lalikulu m'mimba, la anthu a mapazi ngati makasu, ovala saizi 10 kapena 11 kupita m'mwamba, kuti zala zisamakhule sinowo. Ine ndimavala 7. Linalinso lolimba, la mtundu wa camber, lokhota ngati uta, pakati pali m'mwamba. Akatswiri amalikonda chifukwa limaluma sinowo. Wophunzira amafunika lofewa, lopindikira m'mwamba kunsonga ngati bwato, limene amati rocker, lokhululuka ukalakwitsa. Langa linalibe chikhululukiro.

Ma binding, zomangira mapazi zija, ndinagula kwa munthu wina pa mapaundi 25. Nditafika nazo kunyumba ndinapeza kuti thabwa lili ndi timabowo ta masikuluwu tondondozana tiwiritiwiri, koma ma binding alibe kambale kozungulira kamene kamakhala pansi pa phazi. Anali a Burton a mtundu wa EST, amene amagwira ndi masikuluwu awiri m'mbali, pa thabwa lokhala ndi ngalande pakati. Palibe anandinamiza. Zinalembedwa poyera pa malondapo, ine ndinangowerenga mtengo. Ndinakabwereka chobowolera kwa aneba. Mnyamata anandipeza nditagwada pabalaza, pensulo ili kukhutu.

“Adadi, musabowole. Chonde.”

Ndinamuuza za Sherman Poppen, bambo wa ku Muskegon ku Michigan, amene mu 1965 anangolumikiza ma ski awiri kuti ana ake aakazi aziseweretsa, masewera onsewa n'kuyambira pamenepo. Ngati iyeyo sanapite kushopu, ine ndipitirenji? Mwana anangoti, “Iwowo zinawayendera.” Chobowolera ndinabweza, ma binding ndinagulitsa mapaundi 10, ndinagula ena a kambale.

Kenaka panafunika kudziwa mwendo wotsogola. Wotsogoza wamanzere amati ndi regular, wotsogoza wamanja amati ndi goofy, ndipo njira yodziwira ndi yoti wina akukankhe kumbuyo mosayembekezera, uone phazi limene lithamangire kutsogolo. Mnyamata anavomera ntchito imeneyi ndi chimwemwe chimene sindinachikonde. Anandikankha ndili kukhitchini, ndikuvundula nsima. Phazi lamanja linatsogola, mthiko unagwera mu ndiwo. Masikuluwu ndinamanga ndi mpeni wodulira tomato, poti sikuludiraiva yanga inali yaing'ono.

Tsopano phula. Kunsi kwa thabwa kunali mbuu, kouma ngati miyendo ya mwana wosadzola m'mwezi wa June. Ndinawerenga kuti kumafunika kudontheza phula ndi kulisita ndi simbi yamoto kuti lilowe m'pulasitikimo.  Phula lake kushopu linali la mapaundi angapo, pamene m'kabati mwathu muli makandulo mapaketi atatu. Mayi a kunyumba amawasunga kudikira kuti magetsi athima, ndipo zaka zisanu ndi chimodzi za ku Edinburgh sizinawachotse mantha amenewo. Kandulo ndi phula, phula ndi kandulo.

Linali Lachisanu usiku, onse atagona. Ndinayala thabwa pamipando iwiri, ndinatenga simbi ya m'nyumba n'kuitembenuzira pa moto wositira nsalu zolimba. Phula la snowboard limasitidwa pa madigiri 120 mpaka 140, ndipo likayamba kufuka ndiye kuti wapyola. Simbi yathu pamenepo imafika pafupifupi 200. Utsi ndinauona, ndinati ndi chizindikiro choti ntchito ikugwirika. Belu lochenjeza za moto litalira ndinaisiya simbi ili chigonere pathabwa, ndikukupiza kudenga ndi thaulo. Makandulo anayi anathera pamenepo. Malangizo amati phula likazizira ulipale lonse ndi kachipulasitiki, utsale ndi lokhalo limene lalowa mkati. Ndinaona ngati ndi nzeru za ogulitsa. Ndani amapaka majarini pa buledi kenaka n'kumupalanso? Simbi itazizira ndinaipukuta pamwamba n'kuibwezera pamalo pake. Timabowo totulutsa nthunzi tija sindinatiganizire.

Loweruka m'mamawa tinanyamuka ndi mnyamata kupita ku Glenshee, pa msewu wa A93 umene umakwera mpaka mamita 670 pa Cairnwell Pass. Kumeneko zokwezera anthu zambiri si mipando yokhalapo. Ndi ndodo yolendewera pachingwe, yokhala ndi kambale kunsonga, umaipana pakati pa miyendo n'kumakukoka uli chiimire. Wa ma ski amayang'ana kutsogolo. Wa snowboard amapita cham'mbali ngati nkhanu, phazi limodzi lili lomasula. Ndodo inandikoka, thabwa linakana. Phula la makandulo linagwira sinowo ngati ulimbo. Ine ndinapita, thabwa linatsala, ndipo poti tinali omangirirana tinagwirizana zogwera pakati. Kachitatu konse. Ana a zaka zisanu ankandilambalala mwaulemu.

Ndinakwera wapansi, thabwa lili m'khwapa. Pamwamba mayi wina wachikulire anandiuza mokoma mtima kuti ma binding ndawasinthanitsa, zotsekera zake zimayenera kukhala kunja kwa mapazi. Ndinamuthokoza n'kunena kuti kwathu timamanga choncho.

Mamita oyamba thabwa linkayenda ngati ngolo ya ng'ombe zodwala, mpaka ndinayamba kulinyoza. Kenaka tinafika pamalo pamene mphepo inaumitsa sinowo n'kukhala ngati galasi. Pamenepo makandulo onse anayi anapalika nthawi imodzi. Ndinayesa kukhota, koma thabwa la munthu wamtali, wamapazi aakulu, silimva malamulo a saizi 7. Ndinamva phazi lakutsogolo likuzungulira lokha ngati chiwongolero: masikuluwu a mpeni wa tomato aja anali atamasuka. Mpeni wachitsulo wa m'mbali mwa thabwa unaluma sinowo, ndipo dziko linatembenuzika. Ndinatsetsereka chafufumimba mpaka pa mpanda wamatabwa umene amaika kuti uzitchinga sinowo.

Ndili chigonere, ndikuwerenga nthiti, foni inalira m'thumba.

“Bambo a ana, simbi yanga mwaitani?”

Tsiku limenelo amayi a ku Malawi anali ndi mapemphero ku Glasgow. Bulauziyo anabwera nayo kuchokera kwathu, anawasokera ndi malemu azakhali awo. Atangodina batani la nthunzi, simbi inasanza kandulo pachifuwa penipeni. Ndinayesa kufotokoza kuti ndagwa, mwina ndathyoka. Anati, “Mukathyoke bwino, mundipeza.”

Thabwa ndinalitsekera m'chikwama chake lili lonyowa n'kuliponya mu shedi, sindinafune kulionanso. Patapita milungu itatu ndinalitsegula. Zitsulo za m'mbali zinali psuu ndi dzimbiri. Ndinalinyamula kupita kushopu yokonza, kumene mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga woyamba analitembenuza, n'kuyendetsa chala pa chithuza chimene chinatuluka pamene ndinasiya simbi ija. Dzimbiri anati si nkhani, limachoka ndi kamwala kofewa, ndipo silikanabwera ndikanapukuta thabwa ndi nsanza. Masikuluwu amafuna sikuludiraiva ya nambala 3, ndi kuwayesa m'mawa uliwonse usanakwere. Koma chithuzacho chinasonyeza kuti moto unalekanitsa pulasitiki ndi thabwa la mkati, ndipo kukonza kwake kuposa mtengo umene ndinagulira.

“Munagwiritsa ntchito phula lanji?” anafunsa akununkhiza chala.

Ndinati lochokera kunja.

Simbi yatsopano ndinagula, ya mapaundi 45. Bulauzi ina akusoka telala wa ku Limbe, ndipo ndalama zake, kuphatikizapo za munthu wodzabwera nayo pa ndege, zikuchokera m'thumba mwanga. Thabwa lili mu shedi, lagona pa ndowa ziwiri, ndipo matumba a ufa akukwanapo anayi chifukwa cha W ija. Simbi yakale mayi a kunyumba anandipatsa kuti ikhale yangayanga. Pachogwirira pake anamatapo kapepala, analembapo ndi inki yofiira dzina limene tsopano ngakhale mnyamata akundiitana nalo akaona kuti mayi ake ali pafupi: A Safunsa.